Mwana wa gologolo sakulira khola limodzi

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndiyankhule ndi anzanga a kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu amene amatola ana a agologolo n'kusowa powasunga. Ena aseka kuti nkhani yake n'njaing'ono, koma mitengo ikugwa tsiku ndi tsiku m'mphepete mwa nkhalango za Chongoni, Dedza-Salima, Dzonzi ndi Mvai, ina ya makala, ina ya nkhuni, ndipo mtengo wakale wa mphako ukagwa, kawirikawiri umagwa ndi eni ake. Tiana topezeka m'mphakomo ena amaponyera galu. Achifundo amatitengera kunyumba, koma chifundo chawocho chimathera m'katoni, m'ndowa kapena m'khola la anapiye, ndipo pakapita masiku atatu kanyama kamapezeka kataumiratu. Mwinikeyo amati kakana kuweta. Si kukana kuweta ayi, nthawi zambiri chakapha ndi nyumba imene anakaikamo.

Tisanafike pa za khola, funso loyamba ndi lakuti kodi kamwanako n'kamasiyedi? Mtengo ukagwa mayi amathawa, koma sapita kutali. Ikani kamwanako m'kadengu muli nsalu yofunda, mumangirire kadenguko pamtengo woyandikana ndi chitsacho chapamwamba pofika mutu wa munthu, muchotse ana ndi agalu, inu mukaime patali kwa maola awiri kapena anayi. Mayi akamva kulira amabwera, n'kukanyamula pakamwa kali kodzipinda m'khosi mwake, ulendo wa ku mphako ina. Zoti nyama imakana mwana amene wagwidwa ndi munthu sizigwira pa gologolo. Chimene sanyamula ndi mwana wozizira kapena wovulala, n'chifukwa chake nsaluyo iyenera kukhala yofunda. Dzuwa likalowa asanabwere, katengeni, mukayesenso m'mamawa. Zikakanika kawiri, dziwitsani a nthambi yoona za malo osungira nyama zakutchire, chifukwa ndiwo ali ndi mphamvu yonena ngati nyama yakutchire ingakhale pakhomo pa munthu, ndipo lamulo lake analikhwimitsa mu 2017. Ku Lilongwe Wildlife Centre amalandira nyama zamasiye ndi zovulala, ndipo kuchokera pa boma la Dedza ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 85 pamsewu wa M1. Zimene ndikulemba apazi ndi za munthu amene watsala nako kanyamako m'manja, ndipo cholinga chake n'choti kakabwerere kutchire, osati kakhale chidole cha ana.

Chenjezo lina ndi la malangizo a pa intaneti. Ambiri mwa iwo amanena za gologolo wotuwa wa ku America, amene akakula amalemera theka la kilogalamu, ndipo ana ake amatsegula maso atatha masabata anayi kapena asanu. Gologolo wathu wa m'tchire la miombo, uja wotuwa mokhala ngati chikasu, amene akatswiri amamutcha Paraxerus cepapi, amalemera magalamu ngati 200 basi, kutalika kwake masentimita 35, theka lake mchira. Amabadwa mmodzi, awiri kapena atatu, ndipo amakula mothamanga: maso amatseguka sabata ikangodutsa, pomakwana masabata atatu ayamba kusuzumira kunja kwa mphako, ndipo pofika mwezi ndi theka asiya kuyamwa. Wotsatira kalendala ya ku America amasunga m'beseni nyama imene inayenera kale kuyamba kukwera, ndipo amagula waya wa mabowo amene wathuyu amadutsa ngati pakhomo. Palinso wina wamkulupo, wa mchira wautali wamizeremizere, wokonda mitengo yowirira ya m'mapiri ndi m'mitsinje, amene amafika magalamu 400. Choncho musawerenge masiku. Penyani kanyamako, ndiko kadzakuuzani nthawi yosamuka. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo gologolo m'miyezi itatu yoyamba amafuna nyumba zitatu.

Nyumba yoyamba si khola konse, ndi chisa. Kamwana kosatsegula maso, kapena kongotsegula kumene, sikafuna malo, kamafuna kutentha, mdima ndi bata. Beseni lakuya lapulasitiki kapena bokosi la masentimita 40 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 kuya likwanira tiana tiwiri kapena titatu. Pamwamba muphimbe ndi waya wa sefa womangirira bwino, kapena chivindikiro chimene mwachibowola mabowo ambiri ndi msomali wamoto, chifukwa ngakhale kakhungu kamakwawa n'kukwera nsalu mpaka kugwera kunja. Katoni ndi ya usiku umodzi kapena uwiri. Imamwa mkodzo, imanunkha, ndipo mano akangotuluka imabowoka.

Pansi yalani matisheti akale awiri kapena atatu, kapena kabulangete ka mwana kosalala, mokwinyakwinya kuti kanyamako kazilowa m'kati. Thaulo ayi. Zikhadabo za gologolo n'zopindika ngati mbedza, zimakola m'timalupu ta thaulo, ndipo pofuna kudzimasula kamathyola chala kapena kuzula chikhadabo. Chitenje chothetheka m'mphepete nacho n'choopsa: ulusi umodzi wokha ukazengereza kachala usiku, pofika m'mawa kachalako katupa n'kuda, ndipo sikabwereranso. Thonje limamatirira kukamwa ndi m'mphuno. Utuchi, umene kuno ku Dedza umangotayidwa kumacheka a paini, musauyese n'komwe, popeza fumbi lake ndi utomoni wake zimapweteka m'mapapo. Nsaluzo muzisintha tsiku lililonse, kuchapa ndi sopo wamba, kutsukuluza kwambiri ndi kuyanika padzuwa.

Pa kutentha ndi pamene ambiri amalephera, makamaka kuno kumtunda. Tauni ya Dedza ili pamwamba mamita pafupifupi 1,600, ndipo ku Bembeke, ku Lizulu kapena ku Tsangano usiku wa June ndi July umaluma, ngakhalenso m'dzinja mvula ikagwa masiku awiri m'nyumba mumazizira. Kamwana kopanda ubweya wokwanira sikatha kudzitenthetsa kokha, kamafuna m'chisa mukhale madigiri pafupifupi 35, ndipo ubweya ukamera 30 akwanira. Thirani madzi otentha koma osawira m'botolo la theka la lita, mutseke zolimba, mulilowetse m'sokosi, muliike mbali imodzi yokha ya beseni. Mbali inayo ikhale yopanda kanthu kuti kakatenthedwa kathe kusuntha. Botololo mulitsekereze ndi nsalu lisagubuduke n'kukapsinja. Liyeseni pamkono panu: likakuotchani inu, kwa iko ndi moto. Ndipo madziwo musinthe pakapita maola awiri kapena atatu, usiku womwe, chifukwa botolo likazizira limayamba kukoka kutentha kwa kanyamako m'malo mokapatsa. Sokosi yodzaza mpunga kapena mchenga wotenthetsa m'chiwaya imagwiranso ntchito, ndipo ubwino wake siidontha. Kuika beseni pafupi ndi mbaula m'chipinda chotseka n'kukapha ndi mpweya wa makala uja wosaoneka, umene umapha ngakhale anthu akuluakulu. Kuliika padzuwa la masana n'kukaphika. Kamwana kotentha bwino kamagona kodzipinda, mimba yofunda ngati chikhatho. Kozizira kamakhala lobodo, kotenthedwa kamadzitambasula kutali ndi botolo, kukamwa kuli yasa.

M'chisa ichi musaikemo mbale ya madzi kapena ya mkaka. Kamagweramo, kamanyowa, n'kuzizidwa. Za kadyetsedwe zingafune kalata yakeyake, koma nditchuleko zochepa chifukwa zimaonekera pansalu: kozizira musakamwetse kanthu mpaka katafunda, mkaka wa ng'ombe umakatsegula m'mimba, woyenera ndi waufa wa ana agalu umene mungaufunse m'masitolo a mankhwala a ziweto, mwetsani ndi sirinji ya mililita imodzi yopanda singano, kali chafufumimba osati chagada, magawo 5 pa 100 alionse a kulemera kwake, ndiye kuti ka magalamu 40 kamwe mamililita awiri pa nthawi imodzi. Kakatha kumwa kapukuteni kumaliseche ndi kansalu konyowa kofunda kuti kakodze, monga amachitira mayi wake ndi lilime.

Tsiku limene mudzapeze kanyamako kali lendelende kuchivindikiro, maso ali gwa, mchira wayamba kuwirira, kakuyenda osadzandira ndiponso kakulawa chipatso, nthawi ya beseni yatha. Kukasiyamo sabata ina n'kukalemaza: minofu ya miyendo siikhwima, ndipo mpweya wa mkodzo umachuluka m'pulasitiki. Komanso musalumphe n'kukaponya m'khola lalitali, poti pamsinkhu uwu kamakwera bwino koma kutsika sikanadziwe. Gologolo wamkulu amatsika mtengo mutu uli pansi, mapazi akumbuyo atawatembenuza kuti zikhadabo zikole khungwa, ndipo luso limeneli limabwera pang'onopang'ono.

Pa nyumba yachiwiri, njira yosawononga ndalama ndi kukhoma khola limodzi la masentimita 60 ndi 60 ndi 90. Sabata yoyamba muligoneke cham'mbali kuti msinkhu ukhale 60, pansi mutayala nsalu zochindikala. Kakayamba kutsika waya mutu uli pansi osaterereka, muliimiritse likhale la 90. Kalipentala adzafuna matabwa a 2 x 2 okwana mamita 11: mizati inayi ya masentimita 90, zopingasa zisanu ndi zitatu za masentimita 60, otsalawo a chitseko. Waya ngati ndi wa masentimita 90 m'lifupi, mamita 2.4 azungulira mbali zonse zinayi, mamita 1.2 akwanira pamwamba ndi pansi, choncho gulani mamita anayi. Onjezani mahinjesi awiri, misomali yopinda yokhomera waya, ndi chidutswa cha lata choika kunsi kuti chizilandira zitosi.

Pa waya ndiimepo pang'ono, chifukwa apa m'pamene munthu amapusitsidwa ndi mtengo wotsika. Waya wa khola la nkhuku, uja wopota wa mabowo a ngodya zisanu ndi imodzi, ndi wowonda. Gologolo amauluma malo amodzi mpaka kuduka, galu amaung'amba, ndipo mabowo ake amatanuka. Choopsa kwambiri si kuthawa, koma kulowetsa mutu: umalowa bwinobwino, pobwerera makutu ndi nsagwada zimakola, ndipo m'mawa mumapeza kanyama kadzipachika. Waya wa udzudzu wa m'mawindo ndi chakudya chabe. Woyenera ndi wowotcherera, wa mabowo a sikweya a mamilimita 12, amene m'mahadiweya amati theka la inchi. Ngati mulibe tepi, yesani ndi chala chamkombaphala: chikalowa, mabowowo akula. Waya watsopano utsukeni ndi viniga ndi burashi kuti tizidutswa ta chitsulo chokutira tichoke, popeza gologolo amanyambita ndi kuluma chilichonse. Mukhome wayayo mkati mwa matabwa, osati kunja monga amachitira pa khola la nkhunda, kuti mano akumane ndi chitsulo asanafike pa thabwa. Nsonga zonse zodula muzipinde kapena muzibise pansi pa kathabwa, zimabaya maso ndi mapazi. Matabwa akhale osapaka kanthu. Penti, oilo wakuda wa galimoto ndi mankhwala a chiswe zimene timateteza nazo mitengo ya khola la mbuzi, kwa nyama yotafuna thabwa ndi poizoni. Khola la nsungwi kapena bango, ngakhale likongole chotani, limatha usiku umodzi.

Chitseko chikhale chaching'ono, masentimita 25 mbali zonse, pongolowa dzanja ndi mbale. Chitseko chachikulu chimapatsa kanyama mpata wodutsa pamkono panu n'kukafika kudenga musanaphethire. Muzitsegula m'chipinda chotseka mawindo, ndipo chokowera wamba musachikhulupirire, gologolo amaphunzira kuchitukula ndi mphuno; mangani ndi waya wopota. Akathawa musamugwire mchira. Khungu la mchira limavuka ngati sokosi n'kutsala m'manja mwanu, fupa lotsalalo limauma n'kugwa, ndipo mchira sumeranso. Gologolo woduka mchira amavutika kudumpha m'nthambi. Muponyereni nsalu, kapena mudikire njala imubweze. Samalaninso mchirawo potseka chitseko.

Mkati mwa khola chinthu choyamba ndi kabokosi kogona: masentimita 20 ndi 20 ndi 25, kabowo ka masentimita 5 chakumtunda, kapena 7 ngati ndi mtundu waukulu uja, denga lotseguka kuti muzitha kuyang'anamo. Chipika cha mphako chochokera kumtengo womwe unagwawo n'choposa zonse. Chipanda chouma chobowola chimathandiza, ngakhale kuti adzachitafuna. Muikemo nsalu za m'chisa chakale kuti fungo likhale lomwelo, kenaka muziwonjezera masamba ouma ndi udzu wofewa aziyala yekha. Kabokosika kayambe pansi, kadzakwere pamwamba khola likaimirira, ndipo musakataye, adzasamuka nako mpaka kutchire. Nthambi zikhale ndi khungwa lake, imodzi yonenepa ngati mpini wa khasu yopingasa, zina zowonda zopendekera, zonse zomangidwa ndi waya kuti zisagwe. Msuku, mkuyu, mtondo ndi gwafa n'zabwino. Nkhadze, nsatsi ndi indya musaziyandikize. Nthambizi si zokwerapo chabe. Mano akutsogolo a gologolo amakula moyo wake wonse, ndipo akapanda chotafuna amatalika n'kupindika mpaka kulephera kudya. Fupa louma lowiritsa nalonso liikeni, amalipala pofuna kulimbitsa mafupa ake. Theka la pansi muphimbe ndi thabwa ndi masamba kuti mapazi apume ku waya. Madzi akhale m'kambale kolemera kosapitirira masentimita awiri kuya, muli timiyala.

Khola limeneli likhale m'chipinda chabata, pamwamba pa tebulo, kopanda mphepo yolowera pawindo, ndipo usiku muziphimba mbali zitatu ndi bulangete. Miyendo ya tebulo muiike m'zitini za madzi, chifukwa linthumbu likalowa nyama ya m'khola ilibe kothawira. Makoswe amaluma zala kudzera pa waya, n'chifukwa chake kabokosi kogona kaja n'kofunika kukhala ndi makoma athabwa. Mphaka asalowemo. Ngakhale sangafike mkati, kungokhala tcheru pamwamba pa khola kumachititsa kanyama kusiya kudya, ndipo akakakanda kapena kukaluma, kabala kosaoneka n'komwe kamapha m'masiku awiri chifukwa cha tizilombo ta m'malovu ake. Zikatero thamangirani kwa alangizi a ziweto tsiku lomwelo. Pali ena amanyadira kuti gologolo wawo amasewera ndi galu wa pakhomo. Ameneyo amuphunzitsa kusaopa chimene chidzamudye.

M'mawa uliwonse tulutsani khola padzuwa kwa theka la ola, theka lake mutaphimba kuti pakhale mthunzi, inu muli pomwepo. Dzuwa lodutsa pagalasi silithandiza mafupa. Matenda amene amagwira agologolo oweta kwambiri ndi ofewa mafupa, ndipo amabwera ndi zinthu ziwiri: mdima, ndi chakudya cha mtedza, mpendadzuwa ndi chimanga chokhachokha. Zimenezi amazikonda ngati mwana ndi switi, koma zimamana thupi mchere womanga mafupa. Mudzaona wayamba ulesi, akukoka miyendo yakumbuyo, akunjenjemera kapena wathyoka pongodumpha pang'ono. Mtedza ukhale njere ziwiri patsiku, wopanda chuku. Chakudya chenicheni chikhale chimene akachipeze kutchire: masuku, nkhuyu, nthudza, matowo, maula, maluwa ndi nsonga za mitengo, njere za m'tchire, chiswe ndi ngumbi. Tsiku lililonse fufuzani m'kabokosi ndi m'makona, chifukwa amabisa chakudya. Zouma musiye, zowola muchotse. Kamodzi pasabata tsukani ndi madzi otentha ndi sopo, koma musiyeko zogonera zina zakale, poti mukachotsa fungo lake lonse amasokonezeka. Sambani m'manja mukatha, ndipo akakulumani tsukani balalo ndi sopo kwa mphindi 15 n'kupita kuchipatala.

Ngati tiana tili tiwiri kapena titatu ta mimba imodzi, tikhale limodzi, timatenthetsana ndi kuphunzitsana. Wokula yekha ndi amene amazolowera anthu mopitirira, ndiye ameneyo muzimugwira pomudyetsa pokha.

Akasiya mkaka, akamaswa yekha njere yolimba, akamathawira m'kabokosi mlendo akalowa, ndiponso akamalira mokhala ngati akugogoda uku akugwedeza mchira poona khwangwala, wakwana kupita m'nyumba yachitatu. Mukachedwa mudzaona zizindikiro zina: kuzungulira njira imodzimodzi tsiku lonse, mphuno yosupuka chifukwa chokhuza pa waya, ndi kuluma dzanja lomwe limamudyetsa, makamaka akamafika miyezi isanu ndi umodzi pamene thupi lake lakhwima.

Khola lachitatu ndi lapanja, mamita 1.2 ndi 1.2, msinkhu 1.8. Waya wake ndi womwe uja wa mamilimita 12. Ngati ndi wa mamita 1.2 m'lifupi, mamita 10 akwanira mbali zinayi, denga ndi pansi. Pansi pasasiyidwe, chifukwa makoswe, likongwe ndi agalu amakumba. Theka la denga likhale la lata loyalapo udzu pamwamba kuti lisatenthe, theka linalo la waya wokhawokha kuti adziwe mvula ndi dzuwa. Mbali yoyang'ana kumene kumachokera mwera muitchinge ndi mphasa. Ngati matabwa alipo, ikani zitseko ziwiri zotsatizana, kuti mutseke chakunja musanatsegule chamkati. Kabokosi kake kakale mukakhome pamwamba pakona, pansi pa lata.

Kholali limangidwe pamalo pomwe adzamasulidwire, pamene mitengo yachilengedwe ikugundana nthambi ndipo madzi ali pafupi. Pafupi ndi nkhokwe, dimba kapena munda wa zipatso wa mnzanu ayi, kumeneko n'kumupereka kwa anyamata a malegeni, ndipo mwini munda sangalakwe kudandaula. Kambiranani ndi amfumu komanso alangizi a za nkhalango. Dziwaninso kuti agologolo amakhala m'mabanja okhala ndi dera lawolawo ndipo amapirikitsa mlendo, choncho mtengo umene muli kale banja si poyambira pabwino. Akhale m'kholamo masabata awiri kapena atatu chitsekere, inu mukungobwera kudzaika chakudya, osamugwira, osamuitana. Nyengo yabwino yotsegula ndi pamene tchire lili ndi zipatso, monga nthawi ya masuku. Sabata ya mvula yosalekeza kapena pakati pa chisanu cha June muyembekeze.

Potsegula musatsegule chitseko. Dulani kabowo ka masentimita 5 kapena 6 pamwamba pa waya, mupinde nsonga zake, muike nthambi yochokera pamenepo kukafika pamtengo. Iye amadutsa, mphaka sadutsa. Kabowoko muzikatsegula m'mawa, madzulo akalowa muzikatseka. Masiku oyamba amangozungulira padenga n'kubwerera, kenaka amafika patali, ndipo usiku wina sabwera. Pitirizani kuika chakudya ndi madzi kwa masabata ena awiri, mukuchepetsa pang'onopang'ono. Kabokosi kakakhala kopanda mwini kwa sabata yathunthu, kachotseni mukakhome pamtengo woyandikana nawo, mamita atatu kuchokera pansi, kabowo katafulatira mphepo. Waya ndi matabwa muzitsuke ndi madzi owira musanaikemo nyama ina iliyonse.

Wowerenga wanu,
Bembeke, Dedza